Kodi Nchiyani Chingatonthoze Mayi Amene Waika Mwana Wake?

USIKU wa December 30, 1993, achinyamata ambiri anali kucheza m'nyumba ina yodyeramo ndi kumweramo yotchedwa Heidelberg Tavern, ku Observatory, dera la mumzinda wa Cape Town kumene kumakhala ophunzira ambiri a payunivesite. Chaka chinali kutha, ndipo dziko la South Africa linali kuyembekezera chisankho cha April 1994, choyamba chimene anthu a mafuko onse anali kudzaponya nawo voti. Mwadzidzidzi, amuna onyamula mfuti anatulukira nayamba kuwombera aliyense amene anali mkatimo. Anthu anayi anafa. Mmodzi wa iwo anali Lyndi Fourie, mtsikana wa zaka 23 amene anali kumaliza maphunziro a uinjiniya pa University of Cape Town.

Amayi ake, Mayi Ginn Fourie, anali mphunzitsi payunivesite yomweyo. Ntchito yawo inali kuphunzitsa anthu luso la kuwongola ndi kulimbitsa ziŵalo za odwala, kuti wovulala ayambenso kuyenda. Koma bala limene iwo analandira usikuwo silinali la mnofu kapena la fupa. Kodi bala lotero limapola? Kodi Mulungu amafuna kuti mayi wofedwa mwanjira imeneyi achite chiyani ndi chisoni chake, ndiponso ndi mkwiyo wake? Mafunso ameneŵa sali a ku Cape Town kokha. Kulikonse kumene ngozi ya pamsewu, nthenda, kapena dzanja la munthu wachiwawa zalanda mwana, pali mayi amene akuwafunsa.

Baibulo Sililetsa Misozi

Pamaliro a kumudzi, akazi amasonkhana m'nyumba ya siwa, amuna amakhala panja, ndipo mbale ya chipepeso imazungulira. Paja akuluakulu anati maliro nkulirana. Komabe pakapita masiku oŵerengeka, okhuza maliro amabalalika, miphika yobwereka imabwezedwa kwa eni ake, ndipo namfedwa amatsala yekha ndi zovala za mwana wake. Chinenero nachonso chimamsiya pomwepo. Mwana amene makolo ake amwalira amatchedwa wamasiye kwa moyo wake wonse, chimodzimodzinso mkazi amene mwamuna wake wamwalira. Koma mayi amene waika mwana alibe dzina lotero. Maliro akatha, anthu amayembekezera kuti abwerere kumunda monga kale, ndipo akapitiriza kulira, ena amayamba kunong'onezana kuti chikhulupiriro chake nchochepa.

Malemba sagwirizana ndi manong'onong'o amenewo. Pamene Yakobo anaonetsedwa malaya a Yosefe ali magazi okhaokha, anang'amba zovala zake nalira masiku ambiri, ndipo ana ake onse atayesa kumtonthoza, iye anakana. (Genesis 37:33-35) Patapita zaka zoposa 20, chilonda chake chinali chikali chachiŵisi, kotero kuti sanafune kulola Benjamini kupita ku Igupto. (Genesis 42:36-38) Koma Yakobo yemweyo ali pamndandanda wa anthu achikhulupiriro wa pa Ahebri chaputala 11. Mneneri Yeremiya nayenso anafanizira tsoka la mtundu wonse ndi Rakele amene akulirira ana ake nakana kutonthozedwa, ndipo Mateyu anagwiritsira ntchito mawuwo ponena za amayi a ku Betelehemu amene makanda awo anaphedwa ndi Herode. (Yeremiya 31:15, Mateyu 2:16-18) Yesu mwiniyo anagwetsa misozi pafupi ndi manda a Lazaro, ngakhale kuti anadziŵa bwino lomwe zimene anali pafupi kuchita.—Yohane 11:33-35.

Pali mayi wina wa m'Baibulo amene satchulidwa kaŵirikaŵiri, koma nkhani yake njoyenerera kuilingalira mofatsa. Dzina lake ndi Rizipa, mkazi wamng'ono wa Mfumu Sauli. Sauli anapha Agibeoni, anthu amene Aisrayeli analumbira kalelo kuti sadzawapha. M'masiku a Davide kunagwa njala ya zaka zitatu chifukwa cha mlandu wa mwazi umenewo, ndipo Agibeoni anapempha kuti apatsidwe amuna asanu ndi aŵiri a m'nyumba ya Sauli. Aŵiri mwa iwo anali ana a Rizipa. Onsewo anaphedwa kuchiyambi kwa nyengo yokolola barele, ndipo mitembo yawo inasiyidwa poyera paphiri.

Kodi Rizipa anachitanji? Nkhaniyo sinasunge liwu lake ngakhale limodzi. Imangosimba kuti anatenga chiguduli nachiyala pathanthwe, nakhala pamenepo kuyambira nyengo yokolola kufikira pamene mvula inagwa. Masana anali kuingitsa mbalame, usiku anali kuthamangitsa zilombo. Talingalirani mkazi mmodzi paphiri, padzuŵa ndi pamphepo, akulonda mitembo imene aliyense anali kuilambalala! Mbiri yake itafika kwa Davide, mfumuyo inalamula kuti mafupa a ophedwawo asonkhanitsidwe, ndipo inakatenganso mafupa a Sauli ndi Yonatani ku Yabesi-gileadi kuti akaikidwe mwaulemu m'manda a Kisi. (2 Samueli 21:1-14) Palibe pamene Malemba akudzudzula Rizipa kaamba ka kulira kwanthaŵi yaitali. Chisoni chake chouma khosicho ndicho chinakumbutsa mfumu kuti akufawo anali anthu, ana a munthu wina.

Kodi Mulungu Ndiye Anamtenga?

Pofuna kutonthoza, anthu ena amauza mayi wofedwa kuti Mulungu ndiye watenga mwanayo, kapena kuti tsiku lake linakwana. Amanena zimenezo ndi mtima wabwino. Koma kodi mayi angathaŵire bwanji kwa Mulungu amene wauzidwa kuti ndiye analoza mfuti pa mwana wake? Yakobo, wolemba kalata ya m'Baibulo, akufotokoza kuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa. (Yakobo 1:13) Mlaliki 9:11 amasonyeza kuti zogwa mwadzidzidzi zimapeza munthu aliyense, waliŵiro ndi wanzeru yemwe. Ndipo mtumwi Paulo akutcha imfa mdani, osati mthenga wa Mulungu.—1 Akorinto 15:26.

Imfa ya Lyndi inali ndi eni ake, ndipo anadziŵika. Oukirawo anali a gulu la Azanian People's Liberation Army (APLA), nthambi yankhondo ya chipani cha Pan Africanist Congress. Amene anapereka lamulolo, Bambo Letlapa Mphahlele, pambuyo pake anafotokoza kuti mitima yawo inali itapsa chifukwa cha anyamata asanu achikuda amene asilikali a boma la tsankho anawapha m'nyumba ina ku Umtata mu October 1993. Motero amayi a ku Umtata analira mu October, ndipo amayi a ku Cape Town analira mu December. Lyndi sanaphe munthu ku Umtata. Ndimo mmene kubwezera kumachitira: sikupeza wolakwa weniweni, kumangofunafuna mwana wa mayi wina.

Uthenga kwa Oimbidwa Mlandu

Mu November 1994, anyamata atatu anaimbidwa mlandu wa kupha kumeneko m'bwalo lalikulu lamilandu la ku Cape Town. Mayi Fourie anali momwemo, akuwayang'ana. Pambuyo pake anasimba kuti anali ndi mkwiyo ndiponso chisoni, koma atafunafuna chidani mumtima mwawo, sanachipeze. Chotero anatumiza uthenga kupyolera mwa womasulira wa m'khoti wakuti ngati anyamatawo analidi olakwa, kapena ngati chikumbumtima chawo chinali kuwatsutsa, iwo anawakhululukira. Monga Mkristu, anali kukumbukira kuti Yesu anapempherera anthu amene anali kumupha.—Luka 23:34.

Ambiri sanamvetse zimenezo, ndipo ena zinawanyansa. Kodi mayi wokonda mwana wake angakhululukire msanga chotero? Funsolo likusonyeza kusadziŵa chimene kukhululuka kuli. Mayi Fourie sanapemphe woweruza kuti amasule anyamatawo. Iwo eniwo anavomereza kuti mtima wawo unakhala pansi pamene atatuwo anapezeka olakwa napatsidwa zilango za zaka pafupifupi 25 aliyense. Ndipo palibe kutsutsana pamenepa. Pa Aroma 12:17-19, Paulo akulangiza Akristu kusabwezera choipa ndi choipa koma kusiyira Mulungu malo, popeza kubwezera nkwake. M'chaputala chotsatira, mtumwi yemweyo akunena kuti olamulira ali ndi mphamvu ya kulanga ochita zoipa. (Aroma 13:1-4) Munthu angatule pansi nkhwangwa yake yobwezerera popanda kunena kuti mlandu palibe.

Mmenemo ndi mmene Mayi Fourie anadzafotokozera kukhululuka m'zaka zotsatira. Kwa iwo, kukhululuka ndiko kusankha dala kusiya ufulu wa kubwezera, ufulu umene munthu wolakwiridwayo alidi nawo. Sindiko kuiŵala. Sindiko kuchepetsa cholakwacho. Ndiponso sindiko kuloŵa m'malo mwa Mulungu, pakuti kufafaniza tchimo la mwazi pamaso pa Mlengi sikuli m'manja mwa mayi aliyense, ndipo kumafuna kulapa kwa wochimwayo. (Machitidwe 3:19) Chimene chili m'manja mwa wofedwa ndicho kukana kuti wakupha mwana wake alamulirenso masiku ake otsala. Nchifukwa chake Aefeso 4:31, 32 amatchula kuŵaŵidwa mtima pamodzi ndi mkwiyo ndi chiwawa monga zinthu zofunika kuzichotsa, ndipo Ahebri 12:15 amakuyerekezera ndi muzu umene ukaphuka umavutitsa ndi kudetsa anthu ambiri.

Chosankhacho chinayesedwa posapita nthaŵi. Boma latsopano linakhazikitsa bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, la Truth and Reconciliation Commission, lotsogozedwa ndi Akibishopu Desmond Tutu. Bungwelo linali ndi mphamvu ya kumasula anthu amene anachita upandu pazifukwa za ndale ngati ataulula zonse. Anyamata atatu aja anakaonekera kumeneko mu October 1997. Tsopano chilango chimene chinakhazika pansi mtima wa Mayi Fourie chinali pafupi kuchotsedwa. Komabe iwo sanatsutse pempho la akaidiwo. Nkhaniyo itatha, anyamatawo anapempha kulankhula nawo, ndipo anawathokoza. Mu 1998 anamasulidwa, atakhala m'ndende zaka zosakwana zisanu.

Mkwiyo Ubweranso

Ngati nkhaniyi ikanathera pamenepa, wina akanaganiza kuti kukhululuka kuli ngati kuzula dzino, kuŵaŵa kamodzi basi nkuthana nazo. Sizinatero. Mu October 2002, patapita pafupifupi zaka zisanu ndi zinayi chimwalirire Lyndi, Mayi Fourie anatsegula wailesi ya m'galimoto namva mawu a Bambo Mphahlele, amene anafika ku Cape Town kudzalengeza buku losimba za moyo wawo. Munthu amene analamula kuukirako sanaonekere pamaso pa bungwe lija kukapempha kukhululukidwa, ndipo sanakhale m'ndende chifukwa cha mlanduwo. Mkwiyo unabukanso. Mayi Fourie anapita kumsonkhanowo ali wopsa mtima, naimirira pakati pa anthu, nadzitchula dzina, nafunsa ngati mkuluyo sanali kupeputsa bungwelo mwa kusaonekerako.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti kukhululuka kwawo kwa mu 1994 kunali kwachiphamaso? Kutalitali. Baibulo limavomereza kuti munthu angakwiye popanda kuchimwa. (Aefeso 4:26) Wamasalmo anatsanulira Mulungu madandaulo oŵaŵa kwambiri, ndipo Mulungu analola kuti asungidwe m'Mawu ake. (Salmo 13:1, 2, 88:13-18) Wofedwa amene waona mkwiyo ukubwerera pa tsiku lokumbukira imfa, kapena atamva nyimbo inayake, kapena ataona anzake a mwana wake akukwatiwa, asaganize kuti wagwa m'chikhulupiriro. Munda wolimidwa chaka chatha umafunabe khasu chaka chino.

Yankho la Bambo Mphahlele silinali lozemba. Anati m'kuona kwawo bungwelo ndilo linapeputsa nkhondo imene iwo anaiyesa yolungama, ndipo anafunsa chifukwa chake asilikali awo anali m'ndende pamene akuluakulu a asilikali a boma lakale anali paufulu. Msonkhano utatha, anatsika pansanja napita pamene panakhala Mayi Fourie, nawapempha kuti aonane mlungu womwewo. Mayiwo anasimba kuti anaona chisoni m'maso mwa munthuyo, ndi kuti zikanawapepukira akanapeza kuti nchilombo chanyanga. Koma anapeza munthu. Atakumana, munthuyo sanakane kuti ndiye anapereka lamulo.

Pambuyo pake Mayi Fourie anaitanidwa kumwambo wolandira Bambo Mphahlele kumudzi kwawo m'chigawo cha Limpopo, atakhala zaka zambiri kunja kwa dziko. Atapatsidwa mpata wa kulankhula, anachita chimene khamulo silinayembekezere. Mayi amene mwana wake anaphedwa ndiye anapepesa, kaamba ka manyazi ndi kunyozedwa zimene makolo ake achizungu anadzetsa pa anthu akuda kupyolera mu ukapolo, utsamunda, ndi tsankho. Mu 2003 aŵiriwo anayambitsa bungwe lotchedwa Lyndi Fourie Foundation, lolimbikitsa chiyanjano pakati pa anthu amene anali adani. Nzochititsa chidwi kuti Bambo Mphahlele ananena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, komabe anavomereza kuti kukhululukidwako kunawakhudza kwambiri kuposa mmene chilango chikanachitira. Paulo anali atanena kale kuti choipa chimagonjetsedwa ndi chabwino.—Aroma 12:20, 21.

Amayi a ku Gugulethu

Chisoni chimenechi sichinasankhe khungu. Pamtunda wa makilomita oŵerengeka kuchokera ku Observatory pali Gugulethu, dera limene boma la tsankho linapatulira anthu akuda. Mmaŵa wa March 3, 1986, apolisi anaphera kumeneko anyamata asanu ndi aŵiri. Mayi Cynthia Ngewu anaona pawailesi yakanema mtembo wa mwana wawo, Christopher Piet, ukukokedwa ndi chingwe. Kwa zaka khumi boma linaumirira kuti apolisiwo sanalakwe. Zoona zake zinadzaululika pamaso pa bungwe la Tutu lija, kuti anyamatawo anachita kutcheredwa msampha.

Mmodzi wa apolisiwo, munthu wakuda, anapempha kuonana ndi mabanjawo. Anawatcha makolo ake napempha kuti amkhululukire. Amayi ena anamkalipira koopsa, ndipo anali ndi chifukwa chabwino. Koma Mayi Ngewu anamutcha mwana wawo namuuza kuti amkhululukira. M'chipinda chimodzimodzicho munali amayi ofedwa tsiku limodzi, koma mitima yawo sinayende paliŵiro limodzi.

Mfundo imeneyi njofunika kwa awo amene amachezera ofedwa. Nkhani ya Mayi Fourie kapena ya Mayi Ngewu si chikwapu chokwapulira mayi wina amene akulephera ngakhale kumva dzina la wopha mwana wake. Malemba salamula wofedwa aliyense kukafunafuna wakuphayo, kugwirana naye chanza, kapena kugwira naye ntchito; nthaŵi zina kuchita zimenezo kungakhale kwangozi. Chimene amapempha ndicho kusabwezera ndi kusalola chidani kumera mizu, ndipo ngakhale zimenezo zimafuna nthaŵi ndi pemphero. Miyambo 25:20 imafanizira munthu woimbira nyimbo mnzake wosweka mtima ndi munthu wovula mnzake chofunda tsiku lozizira. Mabwenzi atatu a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi aŵiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinthu zinaipa atayamba kumfotokozera chifukwa chake ana ake anafa. (Yobu 2:13, 8:4, 16:2) Wochezera wanzeru amabweranso mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, anthu ena onse ataleka kubwera. Amatunga madzi, amasinja, amatchula dzina la mwanayo mosaopa, ndipo amalola mayiyo kusimba nkhani imodzimodziyo kakhumi.

Chimene Kukhululuka Sikungachite

Komabe pali malire. Kukhululuka kunamasula Mayi Fourie ku chidani, koma sikunawabwezere Lyndi. Bungwe lotchedwa ndi dzina lake silinakhale naye pathebulo pa chakudya chamadzulo. Chipilala chokumbukira anyamata asanu ndi aŵiri aja, chimene chinatsegulidwa ku Gugulethu mu 2005, chimalemekeza akufawo, koma mayi sangachikumbatire. Makhoti, mabungwe oyanjanitsa, ndi kupepesa kochokera pansi pa mtima zimagwira ntchito pakati pa amoyo okha. Manda sizimawafika.

Pamenepa mpamene Baibulo limanena chinthu chimene boma lililonse silinganene. Kwa Rakele wolira uja, Mulungu anayankha kuti pali chiyembekezo, ndi kuti ana ake adzabwerako kudziko la mdani. (Yeremiya 31:16, 17) Yesu analonjeza kuti nthaŵi ikudza pamene onse ali m'manda adzamva mawu ake ndi kutulukamo, ndipo Paulo anauza kazembe Felike kuti kudzakhala kuuka kwa olungama ndi osalungama omwe. (Yohane 5:28, 29, Machitidwe 24:15) Buku lomalizira la Baibulo limasonyeza Mulungu mwiniyo akupukuta misozi ya anthu, imfa itachotsedwa. (Chivumbulutso 21:3, 4) Ndipo pofuna kufotokoza mmene adzatonthozera anthu ake, Mulungu sanadzifanizire ndi mfumu kapena woweruza, koma ndi mayi amene akutonthoza mwana wake.—Yesaya 66:13.

Kodi pali umboni wakuti malonjezo ameneŵa si mawu chabe? Tsiku lina Yesu anali kuyandikira chipata cha mudzi wa Nayini, ku Galileya, pamene anakumana ndi anthu akutuluka ndi maliro. Wakufayo anali mnyamata, mwana mmodzi yekha wa mkazi wamasiye. Mkaziyo sanapemphe kanthu, ndipo palibe amene anampemphera. Yesu atamuona anagwidwa ndi chifundo, namuuza kuti aleke kulira. Pakamwa pa munthu wina aliyense, mawu amenewo akanakhala nyimbo ija yoimbira wosweka mtima. Koma Yesu anayandikira nakhudza chithatha, onyamulawo anaima, ndipo iye analamula mnyamatayo kuti auke. Wakufayo anakhala tsonga nayamba kulankhula. Khamu lonselo linagwidwa ndi mantha, ndipo mbiriyo inafala m'Yudeya monse. Koma asanasimbe za khamulo, Luka, amene anali sing'anga, analemba kanthu kena kakang'ono kamene Yesu anachita choyamba. Anampereka mnyamatayo kwa amayi ake.—Luka 7:11-17.